Mgolo wonunkha uja

Mgolo wabuluu uja ukadalipo kuseri kwa nyumba yathu ku Glen Norah, kudziko la olankhula Chishona. Masiku ano timasungiramo madzi a pamjigo, koma ndikauvundukula kukatentha ndimamvabe kafungo ka chimera.

Chaka chitatha bambo atamwalira, abale awo anati tifulule mowa wotsirizira maliro. Amayi anali munthu wopemphera, wovala duku loyera Lachinayi lililonse, ndipo mowa sankamwa. Koma azakhali a ku Kambuzuma, mlongo wawo wa bambo, anali atayamba kunong'ona kuti imfa ija inali ndi mwini wake. Mwambo onse ankaudziwa: mowa ukasasa ndiye kuti malemu aukana, ndipo wamasiye ali ndi mlandu. Nyumba inali m'dzina la bambo. Mowa ukanasasa, tikanathamangitsidwa.

Mapira ndi mawere zinasowa chaka chimenecho. Amalume, amene ankagwira ntchito pachigayo china ku Southerton, anatsika kombi, minibasi ya kuno, ndi thumba la tirigu paphewa. Amayi anamuviika, anamufunditsa masaka mpaka anatulutsa timizu toyera, anamuyanika padenga, kenako anamusinja. Anaphika phala, ndipo litazizira anathira chimeracho, nagawa m'migolo iwiri, wabuluu ndi wakuda.

Wabuluu unachita zoopsa. Thovu lokhuthala linakwera mpaka kukankha nsalu yovundikira, n'kumayenderera pasimenti. Ukayika khutu unkamva ngati mvula ikugwa patali. Nanga fungo lake! Mazira ovunda enieni. Oyandikana nafe ankagwira mphuno podutsa pampanda, n'kumati mu Chishona mowa wafa.

Wakuda unali phee. Pamwamba pake panayala kachikopa koyera ngati wina wawazapo ufa, ndi timatuza tosaphulika. Kwa ine wokongola unali umenewo.

Azakhali atabwera kudzaona, ananunkhiza wabuluu nalavula.

"Mlamu, achimwene akana. Tayani uwu. Mwina wakudawu ungakuchotseni manyazi."

Amalume nawo anachita mantha. "Achemwali, tayani wonunkhawo anthu asanachuluke."

Amayi anaviika mthiko mumgolo wakuda, ndipo poutukula panatsatira ulusi woterera ngati therere. Ananyambita chala, nkhope n'kukwinyika. Unali utasasa ngati viniga. Anatenga mthiko wina nauviika mu wabuluu. Unangodontha bwinobwino, ndipo anati ukutsekemera, ukuthetheka palilime.

"Chamoyo chimapuma," anatero. "Uwu ukupuma. Uwo wadzifunditsa kale nsalu ya maliro."

Dzuwa lili paliwombo, azakhali akuyang'ana, amayi anakokera mgolo wakuda kungalande naukhuthula wonse. Anautsuka ndi madzi owira, pamodzi ndi mthiko wake, kuti matendawo asadumphire kwina. Anatsala ndi mgolo umodzi, wonunkha uja, ndipo tirigu wina panalibe.

Ine mowa sindimwa, ndipo sindikuutama. Koma fanizo la tirigu ndi namsongole likawerengedwa kutchalitchi, ndimakumbukira azakhali ndi amalume, antchito ofulumira kuzula. Ndimakumbukiranso kuti manda opaka njereza amakhala oyera ndiponso achete. Ambuye anapatsa amayi mtima wodikira pamene ife tonse tinkangokhulupirira mphuno zathu.

Fungo la mazira linatha lokha. Thovu linagwa, mowa unapsa. Tsiku la mwambo akuluakulu anamwa pansi pa mtengo wa mango, mmodzi anapukuta ndevu nati, "Malemu alandira." Azakhali anapatsidwa chikho pomalizira. Anamwa, nakakwera kombi mthunzi usanatalike.

M'masiku odikira aja, m'mawa uliwonse ndikamakonzekera sukulu, ndinkawapeza amayi atagwada pasimenti yonyowa, dzanja lili pamgolo, milomo ikuyenda. Zinkandichititsa manyazi. Ndinkadzifunsa kuti munthu wa duku loyera angapempherere bwanji mowa, ndipo ndinkadutsa mofulumira kuti anzanga asaone. Ndinkangoona mowa basi. Sindinkadziwa kuti denga lomwe tinkagona pansi pake linali mumgolomo.