Chaka Chomwe Tinkasambira M'dimba

Ndikukumbukira chaka cha korona, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, pamene bambo anga analamula kuti aliyense wa pakhomo pathu ku Mabvuku azisambira m'dimba. Sindikuwonjezera kanthu. Anthu a mumsewu mwathu alipo, kawafunseni.

Malole a ndiwo ochokera kumidzi anali ataleka kubwera. Kumeneko matimati ankaolera m'minda, kuno tebulo lomwe mayi ankagulitsirapo masamba linali mbee, moti ntchentche zinatsanzika n'kusamukira ku Tafara, dera loyandikana ndi lathu. Bambo, poti anakulira pafamu, anatipula bwalo lonse n'kubzala repu ndi m'bale wake kovo. Chovuta chinali madzi. Mpopi wathu unadontha komaliza ine ndisanamere mano, ndipo pamzere wa kumjigo munthu ankapita atameta n'kubwerako ndi ndevu.

"Madzi osamba azitayika, ana n'kumagona ndi njala?" anatero bambo, akuzinga masaka pakati pa ndiwozo.

Unali mwezi wa Juni, chisanu chili pachimake. Ndinkaima mmenemo ndi kabeseni, mano ali gwedegwede, iwo ali kuseri kwa masaka. "Sendera kumanzere, iwe! Kovo uyo sanamwe." Sopo anamuletsa tsiku limene ndiwo zinachita thovu mumphika. Ndikulumbira, sabata imeneyo tinali oyera m'mimba kuposa kunja.

Mai Tino, oyandikana nafe, ankaseka mpaka kugwirira mpanda. "Achimwene, kodi mwabzala ndi mwana yemwe?"

Koma masamba atasoweratu pamsika, Mai Tino omwewo anabwera ndi mbale, maso ali pansi. Bambo anawathyolera repu wambiri. "Mawa musabwere ndi mbale yokha, mayi. Munyamulenso madzi anu osamba."

Posakhalitsa pageti pathu pankakhala mzere wa zidebe za msewu wonse, bambo akununkhiza chimodzichimodzi ngati akugula fodya, cha sopo wambiri n'kuchibweza. Ndinaona mpata, ndinapempha kuti popeza madzi achuluka, ine ndibwerere kubafa.

"Ayi," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Repu wakuzolowera."

Lero ndikumvetsa kuti chaka chimenecho, alimi enieni akulira kumidzi, ife sitinadyepo sadza, nsima ya kuno, ndi mchere wokha, ndipo kuti manyazi munthu sangatowele ngati ndiwo. Zimenezo ndavomera, bambo ananena zoona. Kungoti n'kovuta kuthokoza bwinobwino ukuyetsemula, pakuti chimfine cha Juni ameneyo sichinandichokebe.