Tsiku limene amalume anapopa matayala a bambo

Ndikukumbukira m'mawa wina wa Loweruka m'mwezi wa Meyi, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, nditagwada pa phula lozizira pafupi ndi galimoto ya bambo anga, m'manja muli geji, kachipangizo koyezera mpweya wa m'matayala. Tinali pa bwalo lothamangitsirapo magalimoto kunja kwa mzinda wa Indianapolis. Silinali tsiku la mpikisano ayi. Linali limodzi mwa masiku amene eni bwalo amalola anthu wamba kubwera ndi magalimoto awo n'kuwathamangitsa, mphunzitsi atakhala pambali pawo.

Bambo anga ndi namwino, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ntchito pa chipatala china ku South Bend, kumene tinkakhala. Pa msewu ankayenda pang'onopang'ono moti anzawo a ku tchalitchi ankawaseka kuti tsiku lina adzapitiriridwa ndi munthu wa njinga. Komabe mumtima mwawo munali chilakolako chimene anachisunga zaka zambiri, choti adzayendetse galimoto pa bwalo lotere, ngakhale kamodzi kokha. Mayi sanagwirizane nazo. Atalephera kuwaletsa, ndiponso poti iwo anali pa ntchito tsiku limenelo, anaimbira foni mchimwene wawo, amalume anga a ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis, n'kunena kuti, "Achimwene, ndakusungitsani alamu anuwo. Mundibwezere ali amoyo."

Amalume anali munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe. Asanabwere ku America anayendetsa minibasi zaka zambiri pa msewu wa Limbe ndi Zomba, ndipo tayala ankaliyeza ndi phazi. Kwa iwo tayala labwino linali lolimba gwa, lotha kunyamula anthu, matumba a chimanga ndi nkhuku zomwe, osadandaula ndi maenje.

Bambo anali ataphunzira zosiyana. Dzulo lake, pa ulendo wathu wa maola atatu, tikudutsa minda ya chimanga chongomera kumene, anandifotokozera mobwerezabwereza. Pa bwalo tayala limatentha chifukwa cha liwiro, kukhota ndi mabuleki, ndipo mpweya wa m'kati ukatentha umakankha mwamphamvu. Choncho m'mawa, matayala akadali ozizira, munthu amaphwetsako pang'ono kuti akatentha afike pa mlingo woyenera. Akapopedwa kwambiri amatupa pakati, amagwira phula ndi kagawo kochepa chabe, ndipo galimoto imaterereka pokhota. M'mawa umenewo bambo anaphwetsa tayala lililonse mpaka geji inaloza pa 30. Kenako oyendetsa onse anaitanidwa kukamva malamulo a bwalo.

"Tadala, ntchito yako ndi imeneyi," anatero pondipatsa geji ija. "Matayalawa asawakhudze munthu mpaka ndibwere."

Sipanapite nthawi amalume anatulukira, kapu ya khofi ili m'manja. Anazungulira galimoto, n'kumenya tayala la kutsogolo ndi nsapato. Anamenyanso la kumbuyo. Nkhope yawo inasintha.

"Iii! Alamu akufuna kudzipha kodi? Matayala ofewa ngati mapapaya akupsa chonchi, ndiye azikathamanga nawo? Ndikawauza chiyani amayi ako ine? Tadala, tathamanga ukatenge pampu m'galimoto mwangamo."

Ndinkadziwa bwino lomwe kuti akulakwitsa. Koma pa zaka zimenezo Chichewa ndinkangochimva, poyankha ndinkayankha m'Chingerezi, ndipo kwathu anandiphunzitsa kuti mwana sauza munthu wamkulu kuti walakwa. Kuwatsutsa amalume m'Chingerezi kunkaoneka ngati mwano wowirikiza, pamene mawu aulemu a Chichewa owatsutsira ndinalibe. Ndinangonena motsitsa kuti adadi aphwetsa dala.

"Dala? Adadi ako amadziwa jakisoni, matayala awasiyire ife eni ake."

Ndinakatenga pampu. Choipa kwambiri n'chakuti ndine ndinagwira paipi pa tayala lililonse, kapampu kakulira, amalume akuimba nyimbo ya kwaya mokhutira. Anasiya geji italoza pa 44, n'kumenyanso tayala ndi nsapato. "Eya, tsopano ndiye galimoto imeneyi."

Bambo anabwera akuthamanga, chisoti chili kale kumutu, mphunzitsi wawo, bambo wina wa imvi, ali pambuyo pawo. Gulu lawo linali litaitanidwa. Anandifunsa pawindo ngati zonse zili bwino. Amalume anali ataima pambali panga, dzanja lawo lolemera lili pa phewa langa. Ndinayang'ana pansi, n'kugwedeza mutu kuvomera.

Sindidzaiwala mphindi zotsatirazo. Ndinakaima pa mpanda wa waya, zala zanga zitalowa m'mabowo ake. Mpweya unkanunkha mphira wopserera ndi petulo, ndipo magalimoto akamadutsa chifuwa chinkanjenjemera. Galimoto yathu yotuwa inadutsa koyamba bwinobwino. Inadutsa kachiwiri ikuthamangirapo, amalume akukuwa kuti, "Pondani, alamu, pondani!" Ine ndinkangoganiza za mpweya umene unali kutentha m'matayala muja. Ndinapemphera m'zinenero zonse ziwiri, ndipo ndinalonjeza Mulungu zinthu zambiri zimene mpaka lero sindinazikwaniritse.

Ulendo wachinayi, pa ngodya ya kumapeto kwa msewu wowongoka, kumbuyo kwa galimoto kunatsetsereka. Matayala analira mokweza, galimoto inazungulira kamodzi, n'kutuluka mu msewu kulowa pa udzu, fumbi lili koboo. Inaima patatsala mapazi ochepa kuti igunde mpanda wa matayala akale. Kapu ya amalume inagwa. Kwa kanthawi palibe chimene chinayenda. Kenako ndinaona dzanja la bambo likutuluka pawindo, likukupiza kusonyeza kuti ali bwino, ndipo ndinakhala pansi pomwepo, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Atabwerera pamalo pathu, bambo anavula chisoti, thukuta lili kamukamu. Ankapepesa kwa mphunzitsi poganiza kuti alakwitsa ndi iwo. Koma mphunzitsiyo anatenga geji m'manja mwanga, n'kuiika pa tayala la kumbuyo. Inaloza pa 51. Anayezanso kachiwiri, n'kuimba mluzu. Bambo anatembenuka kundiyang'ana. Sanakwiye, koma maso awo ankafunsa, ndipo ndikanakonda akanangondikalipira.

Ndisanatsegule pakamwa, amalume anavula chipewa chawo.

"Alamu, mwanayu musamuyang'ane. Ndine ndapopa. Anandiuza kuti mwaphwetsa dala, ine n'kumuyesa mwana. Ndimati ndikukutetezani, kani ndikukukumbirani manda."

Sindinali nditamvapo amalume akulankhula motsitsa chotero. Bambo anayang'ana udzu umene unakanirira ku mawilo. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wangopulumuka, mpaka anatsamira galimoto.

"Alamu, mumayesa ndikunyamula makasitomala a ku Zomba?"

"Ndiye chonde mlongo wanga asamve. Akandicheka ameneyo, kwanu sindidzapondako."

"Amva ndithu. Koma mukamuuza nokha."

Tinadikira kuti matayala azizire. Amalume anagwada okha pa phula, thupi lonse lija, n'kumaphwetsa tayala limodzilimodzi, ine ndikuyeza. Nthawi iliyonse ankandifunsa kuti, "Pamenepa bwanji, abwana?" Masana bambo analowanso m'bwalo. Galimoto inakhota ngodya ija ngati yamatidwa pa phula, ndipo anabwerako akumwetulira ngati mwana wa sukulu.

Pobwerera ku South Bend Lamlungu, titatsala awiri, ndinapepesa. Bambo sanandidzudzule. Anangonena kuti kuphwetsa ndi kupopa aliyense angalakwitse, koma funso limene anandifunsa pawindo linali la ine, ndipo yankho loona ndinali nalo. Anati ulemu umene ungaike munthu m'bokosi iwo sakuufuna m'nyumba mwawo.

Masiku ano zinthu zasintha. Magalimoto ambiri amaonetsa okha mpweya wa tayala lililonse pamaso pa woyendetsa, ndipo ana a abale athu obadwira kuno amatsutsa akuluakulu mosaphethira n'komwe, mwina mopitirira muyeso. Ine sindinafune kutaya ulemu, koma sindinafunenso kudzakhala chete chifukwa chosowa mawu. N'chifukwa chake kuyambira chaka chimenecho ndinaumirira kuti kunyumba azindiyankhula Chichewa chokha, mpaka ndinaphunzira kunena kwa munthu wamkulu, maso ali pansi koma mawu osagwedera, kuti, "Pepani, mundikhululukire, koma pamenepa mwalakwitsa." Tsopano ndili ku koleji, ndikuphunzira unamwino, ndipo sabata yatha mawu amenewa ndinawanena m'chipinda cha odwala kwa mayi wina wa kwathu wondiposa zaka makumi atatu, amene ankandiphunzitsa ntchito. Ulendo uno pakamwa panatseguka.