Chitenje pa Chelo cha Esinati

Ndikukumbukira chaka chimene machelo awiri anafika kwathu ku Senga Bay, ine ndili mu Sitandade 5. Chelo ndi chipangizo choimbira chonga vayolini koma chachikulu, cha nsambo zinayi. Sichinyamulidwa paphewa ayi. Umachiimika pansi, n'kukhala pampando, n'kuchipana ndi mawondo. Njira ina yochiimbira palibe.

Anabwera nawo ndi Mayi Nabanda, aphunzitsi athu, amene anaphunzira chelo ali ku koleji. Iwo anagwirizana ndi a Mbewe, bambo wamtali wandevu amene ankaimba babatoni, gitala wamkulu wopanga pamanja, m'bandi ya kumalo ogona alendo, ndipo anayambitsa kagulu kathu m'shedi ya kuseri kwa tchalitchi, momwe kale ankasungamo maukonde. Ana tinachuluka, machelo awiri okha. Choncho ena akamaimba, otsalafe tinkapana nkhafi za mabwato, bango lili kumanja m'malo mwa uta wokhwekhwezera nsambo, n'kumatsanzira. M'shedimo munkanunkha usipa ndi utomoni wopaka pa uta. Wina akaphonya panalibe womuseka. Woyandikana naye ankangomugwira chigongono n'kumuwongolera. Lamulo linali limodzi, ndipo a Mbewe sankatopa kulibwereza: "Nyimbo si yako kufikira utaphunzitsa mnzako."

Katswiri wathu anali Esinati, mwana wa amayi anga aakulu, mtsikana wofatsa amene anali atangotha msinkhu. Akakoka uta, kulira kwa chelo unkakumvera m'mimba, moti ngakhale a Mbewe ankasiya kutafuna nzimbe. Mayi Nabanda anali atapangana kale ndi anzawo oimba ku Lilongwe kuti patchuthi mwanayo akaphunzire kumeneko.

Kenaka linafika tsiku la masika ku tchalitchi. Kuguwa kunadzaza nthochi, maungu ndi mabeseni a utaka wouma, ndipo gulu lathu linapatsidwa mpata. Esinati anakhala kutsogolo atavala siketi yofika m'akakolo, chelo chili pakati pa mawondo, n'kuyamba yekha nyimbo yoyamika. Tchalitchi chonse chinangoti zii. Ali pakati pa nyimbo, anaPhiri, mayi wamkulu wa chigwirizano cha amayi, ananyamuka n'kuvula chitenje cha pamwamba. Anayenda mpaka kutsogolo ndi kuchiponya pamiyendo pa Esinati. Nsaluyo inaphimba ndi nsambo zomwe, uta n'kukodwa, nyimbo n'kuthera pomwepo. Kumbuyo anyamata anaphulika nako kuseka. Esinati sanalire. Anangokhala chomwecho, akuyang'ana maluwa a pachitenjecho.

Mpaka lero ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umandiwawa. Ankaphimba chiyani? Ine ndinali pafupi, ndipo ngakhale katumba sikankaoneka. Pagombe pathu amuna akuluakulu amasamba ali chibadwire dzuwa likuswa mtengo, amayi akudutsa ndi mabeseni pamutu, koma sindinamvepo kuti wina waponyeredwa chitenje. Mnyamata amene anaimba chelo chachiwiri tsiku lomwelo anakhala chimodzimodzi, atavala kabudula, ndipo anamuombera m'manja.

Nkhani inafika kwa amalume athu, mwini mbumba, amene anali atangobwera kumene kuchokera kogula nsomba ku chilumba cha Mbenji. Ku tchalitchiko kunalibe, anangoimvera pa bawo. Anafika pakhomo pa amayi aakulu akukalipa: "Namwali kukhanyula pamaso pa abusa! Mwativula mbumba yonse. Zoimbaimbazo zathera pompa."

Gulu lathu silinagonje msanga. Loweruka lotsatira tinanyamula machelo ndi nkhafi zathu kupita pakhomopo. A Mbewe anamanga chitenje m'chiuno, ndevu zili mbuu, ndipo anyamata onse anachita chimodzimodzi. Anthu oanika nsomba pamathandala anasiya ntchito n'kutitsatira. Titafika, a Mbewe ananjuta n'kuomba m'manja.

"Zikomo eni khomo," anatero. "Ngati vuto ndi mawondo, taonani tonse tafunda. Tiziimba chonchi mpaka kalekale. Koma mwanayu tibwezereni, ali ndi mphatso."

Amayi aakulu anayang'ana pansi, ndipo ndinaona kuti mtima wawo wafewa. Koma amalume anangoseka.

"A Mbewe, zisudzo zanuzo kachitireni azungu kugombe. Ine ndanena ndanena."

Pofuna kuti Esinati asamamve n'komwe kulira kwa chelo, amalumewo anaganiza zomutumiza ku Khombedza, kwa mbale wina wogulitsa tomato pamsika. M'mawa wa tsiku lonyamuka, Esinati anandiitanira kuseri kwa mathandala. Anali atanyamula nkhafi ndi bango.

"Khala pa beseni apa, Chikondi," anatero. "Nyimbo ija ndisapite nayo."

Anandigwira chigongono, akung'ung'udza chapansipansi, n'kumayendetsa zala zanga pa mtengo wa nkhafi mpaka ndinaigwira yonse, ndi mbali ija imene sanamalize m'tchalitchi. Kenaka anakwera minibasi. Mayi Nabanda anamulondola kangapo, chelo atachikumbatira pampando wakumbuyo wa minibasi, koma ankabwezedwa pakhomo. Sukulu yake nayo inathera komweko, ndipo posakhalitsa tinamva kuti Esinati wakwatiwa. AnaPhiri anavina kwambiri pa ukwatiwo.

Gululi lilipobe. A Mbewe anatisiya, Mayi Nabanda anapuma ntchito koma amabwerabe kudzamanga nsambo, ndipo wophunzitsa tsopano ndine. Machelo anawonjezekera, komabe wobwera kumene aliyense amayambira pa nkhafi.

Chaka chatha, Loweruka lina, kabaza anaima pakhomo pa shedi. Anatsika Esinati ndi kamtsikana kake. Ndinakakhazika pampando n'kukapatsa chelo. Monga mwana woleredwa bwino, kanaphatikiza mawondo n'kukhotetsera chelo kumbali. Ndisanalankhule, Esinati anagwada pansi. Ndi manja ake anatalikitsa mawondo a mwanayo, n'kulowetsa chelo pakati, n'kumukonza siketi.

"Chonchi," anatero. "Wina akabwera ndi chitenje, umuuze adzaonane ndi ine."

Ndinapatsa Esinati uta kuti ayeseko iye mwini. Anayang'ana zala zake, zong'aluka ndi madengu a tomato, n'kupukusa mutu. "Zinauma izi. Mpatse mwanayo."

Anthu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo n'zoona, chifukwa popanda gulu lija ine sindikanagwira uta. Koma ndinaphunziranso kuti anthu ambiri akhoza kumanga zitenje, kunjuta ndi kupembedzera, mwana n'kutayikabe chifukwa cha munthu mmodzi amene sanamvepo n'komwe nyimbo yake. Amalume sindinawakhululukire, ndipo sindinama. Tsiku limenelo ndinagwira chigongono cha mwana wa Esinati n'kuyamba kumuphunzitsa nyimbo yoyamika ija. Mayi ake anaimirira pakhomo, akung'ung'udza, mpaka tinaimaliza.