Foni pamzere woona nkhope

Chimene chinandidzutsa kusanache ndi jenereta. Msuweni wanga wa ku Lilongwe ankaiyesa kuseri kwa nyumba, ndipo phokoso lake linakwirira nyimbo za amayi amene anachezera pa maliro a agogo. Agogowo ndiwo anandilera kuno ku Mzilawaingwe makolo anga atamwalira.

Mwana wawo wotsala anali mmodzi, azakhali, amene amagwira ntchito ku Joni. Mapepala awo oyendera anali asanatuluke, choncho sakanatha kubwera. Anandipempha chinthu chimodzi: aone nkhope ya mayi awo bokosi lisanatsekedwe.

Msuweni anati zimenezo n'zazing'ono. Anabwera ndi makamera awiri, ndipo ankauza aliyense kuti maliro awa aonedwa ndi dziko lonse pa intaneti, anthu azipepesa osadetsa nsapato. Kunja kunkawaza mvula. Anthu ankafika wapansi kuchokera ku Lupaso ndi ku Geisha, matope m'miyendo, amayi akupemerera nkhuni zonyowa.

Nthawi yoona nkhope itakwana, msuweni anaimika kamera kumutu kwa bokosi. Mkulu wa mpingo anatseka pakhomo.

"Mwana wanga, ichi chituluke. Nkhope ya mayi si ya anthu odutsa."

"Adada, dziko linasintha."

"Likasinthire panja."

Kamera inatuluka, mzere n'kuyamba. Foni inkanjenjemera m'thumba mwanga. Ndinadziwa kuti ndi azakhali, koma ndikanawauza chiyani? Ine pagulu mawu amandithawa.

Mayi wina wogulitsa nthochi anaona. Ndi amene amayendetsa gulu la pafoni la amayi a m'dera lathu, momwe amauzana za odwala ndi za madzi akasiya kutuluka. Anandilanda foni, n'kuiyankha pa vidiyo, n'kukagwada pamaso pa mkulu uja.

"Adada, awa si odutsa. Ndi mwana wawo, mmodzi yekha. Sitijambula kanthu."

Mkulu anayang'ana foniyo. Mzere unali kutha, ndipo amuna awiri anali atanyamula kale chivundikiro cha bokosi.

"Alowe pamalo pa mwana," anatero.

Mayiyo anayenda pang'onopang'ono, foni ili pachifuwa, itayang'ana kutsogolo. Pabokosi anaima. Tinamva kamawu kakang'ono kakuti, "Amama, amama," ndipo nyumba yonse inalandira kulirako.

Mayiyo anawanyamula azakhali choncho m'foni mpaka kumanda, atawafunditsa chitenje. Moto utatha m'foni yanga, mayi wina wa m'gulu lija anaimba ndi yake, kenako winanso. Msuweni ankatsatira kumbuyo, makamera ali m'chikwama.

Madzulo mabenchi atabwezedwa ku tchalitchi, m'nyumba munali zii. Mayi uja anafika pakhomo, n'kumasula duku lakuda kumutu.

"Ili ndavala m'malo mwa ankhazi ako a ku Joni. Usalichape. Akadzabwera, adzavale popita kumanda."

Ndinathokoza kuti yewo. Analiika m'manja mwanga lili lonyowa, n'kutsika njira ya kwawo.