Madzi Amchere pa Galimoto ya Atate

Kabotolo ka gilisalini kanali ka amayi, kodzola m'miyendo nthawi yozizira. M'chilimwe cha chaka chimene atate anamwalira, kanathera pa galimoto.

Galimotoyo inali yakale kuposa amayi omwe. Atate anaigula kwa mkulu wina wa ku Highlands, ndipo inakhala zaka pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Dambwa North, matayala ataphwa. Maliro atatha, mng'ono wa atate, amene tinkawatchula kuti baankolo, anayamba kubwera Loweruka lililonse ndi sandipepa ndi botolo la viniga. Sankapereka moni kwa amayi. Amayi nawo sankawapatsa mpando.

Mphira za m'mawindo zinali zitauma ngati chinangwa, ukazipinda zinkang'aluka. Baankolo ankaziviika m'madzi otentha mumphika wathu wa nyemba, ine n'kumazipaka gilisalini ndi chala pang'onopang'ono mpaka zitafewa. Ndinkaganiza kuti galimotoyo ikayenda izikanditula kusukulu monga atate ankalonjezera. Mabawuti ankakhala mu viniga sabata yathunthu n'kutuluka otuwa. Fumbi lofiira la dzimbiri linkandikhala m'mphuno mpaka Lolemba.

Koma malo amene tapala Loweruka, Loweruka linalo ankapezeka atachitanso dzimbiri.

"Iyi motoka ili na mfiti," ankatero baankolo, maso ali kukhomo la khitchini.

"Mfiti ni uja obwera na sandipepa pa maliro ya mkulu wake," amayi ankayankha osatuluka.

Ine ndinkadziwa. M'mawa uliwonse ndikamavala yunifomu ndinkawaona amayi akuthira madzi amchere pamene tinapala. Sindinauze munthu, ndinali mwana wamanyazi. Ndinangolemba m'kabuku kanga, ndi tsiku lake lomwe, n'kukabisa pansi pa mpando wa galimotoyo.

Baankolo atazula mpandowo anakapeza kabukuko. Anaitana achibale a atate, n'kukawerenga mokweza pabwalo, akutsanzira kamawu kanga. Tsiku lomwelo anaikoka galimotoyo ndi chingwe kupita nayo kwawo ku Libuyu. Lero ndimadziwa kuti akanaitenga ndithu. Kabuku kanga kanangowapatsa chifukwa.

Amayi sanandimenye. Anatola kabotolo kopanda kanthu kaja n'kundifunsa, "Unali kufewetsera ndani?"

Kumapeto kwa kope la masamu ndinalemba kuti amayi ankadana ndi galimoto ya atate, ndipo ndinawakwiyira mpaka mvula itagwa. Sindinkadziwa kuti dzimbiri lija ndi limene linkasunga chinthu chomaliza cha atate pansi pa mango.