Jamila Wowamba Nsomba

Jamila anabadwira m'mudzi wa asodzi kunyanja kwa Salima, ndipo kuwamba nsomba anaphunzira kwa amayi ake. Mwamuna wake, Omari, anali ndi bwato laling'ono. Nsomba zotsala pa ndiwo Jamila ankasinthanitsa ndi chimanga kwa alimi a ku Chitala.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itavuta, kunabwera kalaliki kudzanena kuti nsomba zonse zowamba azigula ndi aboma, zikadyetse asilikali. Mtengo ankatchula ogulawo. Jamila anawonjezera mauvuni, moto osazima sabata yathunthu. Nkhuni zinkachokera m'mbali mwa kamtsinje kuseri kwa mudzi. Poyamba ankatola zouma, kenako amuna anayamba kugwetsa mitengo yaiwisi, mpaka misangu yomwe anthu ankapumirapo pochokera kudimba. Utsi wa nkhuni zaziwisi ndi woipa. Maso a Jamila anafiira, misozi osaleka.

M'zaka zimenezo mchimwene wa Jamila, Mustafa, anabwerera kuchokera ku Joni. Kumeneko ankapita kumisonkhano ya antchito, ndipo anabwera ndi nkhani ya dziko la Rasha.

"Achemwali, kumeneko kulibe bwana," anatero tsiku lina atakhala pa mtondo pafupi ndi uvuni. "Malonda onse amayendetsa ndi boma, ndipo bomalo ndi la antchito."

"Kuno nakonso amagula ndi aboma," anayankha Jamila akutembenuza chambo.

"N'zosiyana. Ili ndi boma la azungu."

"Chabwino achimwene. Koma bomalo likafuna nsomba zambiri msanga, utsi umalowa m'maso mwa yani? Nanga mitengo amaisiya?"

Mustafa anati zimenezo kumisonkhano sankazikamba, koma iye ankakhulupirira kuti boma la antchito silingazunze antchito. Jamila anati Inshallah zikhale choncho. Anakambiranabe nkhaniyi zaka zambiri, wina osamugonjera mnzake, osakwiyitsananso.

Nkhondo itatha, kalaliki uja analeka kubwera. Palibe anadzatsanzika. Mvula ya chaka chotsatira inagumula gombe la kamtsinje, mchenga n'kukwirira madimba a anthu angapo, la Jamila lomwe. Apa n'kuti diso lake lakumanja litachita ng'ala. Kuchipatala cha mishoni anamupatsa mankhwala odontheza, koma silinapenyenso.

Omari atamwalira, Jamila anagulitsa bwato n'kusamukira kudera la kwa Maganga, kwa mwana wake wamkazi, komwe ankalima mpunga. Mustafa analowa ntchito yonyamula mabelo a thonje kusiteshoni ya sitima, ndipo anamuchotsa atauza anzake kuti akane kugwira ntchito Lachisanu. Nayenso anakathera kwa Maganga. Madzulo awiriwo ankapirikitsa mbalame m'munda wa mpunga, Mustafa akuponya miyala ndi gulaye, Jamila akumenya chitini.