Mfuti Inakana Pamaso pa Abale Anga

Chaka chomwe anyani anavuta kwathu ku Chowe, ndine ndinauza amalume kuti amuna anga angathandize. Amuna angawo ankalondera pa loji ina ku Nkopola, ndipo akaweruka ankatenga makoko a zipolopolo zowombera kale n'kumathiramo wonga, ati zatsopano n'zodula. Amalume anabwereka mfuti kwa mnzawo n'kutiitanitsa.

Tinafika kumunda anthu atadzaza kale pachulu, ena atabereka ana. Anyani anali m'chimanga, osatekeseka n'komwe. Amuna anga anaika chimodzi mwa zipolopolo zawo zija m'mfutimo, anagwada, analozetsa bwinobwino, n'kuwomba. Mfuti inangoti fyuu, kautsi n'kutuluka. Anaika chipolopolo china, koma zinali chimodzimodzi. Nyani wamkulu anatiyang'ana, kenako anathyola chimanga china n'kukhala pansi kumadya.

"Alamu, bwanji mungowagenda nayo mfutiyo?" anatero mchimwene wanga, ndipo anthu onse anafa nalo phwete.

Amalume sanaseke. Anangolandira mfutiyo n'kunena kuti, "Zikomo, mwayesetsa." Mawu amenewo anandiwawa kuposa kuseka kwa anthu, moti ndinadzifunditsa chitenje kumutu. Pobwerera ndinakhala kumbuyo kwa njinga ya amuna anga, ndipo kwathu sindinapondekonso mpaka chimanga chitakololedwa.